Mtedza wa m'Kope la Jesinta

Taganizani m'mawa wamba ku Ndirande, chaka cha 1978. Anthu akutsetsereka kupita kuntchito ku Makata, aliyense khadi la chipani m'thumba. Pachipata cha msika paima anyamata achipani a malaya ofiira. Pakati pa anthuwo pakudutsa Mayi Petronela Namaona, mphunzitsi mnzanga wa Chingerezi mu Sitandade 8.

Mayiwa ankakonda phunziro la mawu aja, would ndi could. Ankauza ana kuti m'Chingerezi munthu amatha kunena zomwe zikanachitika, osatchula n'komwe chimene chinalepheretsa. Womvayo amamalizitsa yekha mumtima. Koma zitsanzo zawo zinali za mvula ndi mpira basi.

M'mawa umenewo anagula mtedza wokazinga kwa Mayi Asia. Masiku amenewo teremu ikatha, makolo ankapereka makope akale kwa ogulitsa kuti azikulungira malonda. Atamasula pepala lokulungira mtedzawo, Mayi Namaona anaona dzina la Jesinta, mtsikana wa m'kalasi mwawo. M'munsi mwa ntchito yochongedwa kale, mwanayo anali atawonjezera yekha kunyumba: My father would still be with us in a better country. Ankatanthauza kuti dziko likanakhala lina, bambo ake akanakhalapo. Bambowo anali atatengedwa pagalimoto chaka chapitacho, ndipo palibe ankafunsa kumene ali. Chiganizo chotero chinali chokwanira kutengetsa mayi wa mwanayo.

Mayi Asia anawauza kuti mapepala otsala ali mudengu, ndipo anyamata apachipata amabwera masana aliwonse kudzatapa mtedza. Ena mwa iwo anafika Fomu 2, moti Chingerezi ankachimva.

Mayi Namaona anandipeza ine, mphunzitsi wa samu, ndikulemba deti pabolodi. Anapempha makope akale onse a samu, osanena chifukwa, n'kubwerera kumsika.

"Aphunzitsi, pepala ndi pepala," anatero Mayi Asia. "Awa alakwa chiyani?"

"Achingereziwa amawawitsa mtedza, mayi. Tengani a samuwa."

Mayi Asia anawayang'ana, kenako anayang'ana kuchipata, n'kupereka mpukutu wonse. Koma masamba atatu a kope la Jesinta anali atapita kale ndi ogula. Atamufunsa, mwanayo sanakumbuke zomwe analembapo.

Tinadikira. Galimoto ikaima pafupi ndi sukulu, choko chinkaima pabolodi mpaka inyamuke. Jesinta ankangoyang'ana pansi. Teremu inatha, palibe anabwera.

Mayi Namaona phunzirolo sanalisiye, ndipo mwanayo sanamukalipire. Anangosintha chinthu chimodzi: kope la Chingerezi likadzaza, silinkapitanso kunyumba. Ankaliwerenga tsamba ndi tsamba, n'kuliotcha okha kuseri kwa ofesi. Makolo anadandaula, ahedi anawatcha ouma mutu.

Mayi Namaona anapuma pantchito mu 1991. M'zaka zonsezo palibe mwana wawo, kapena kholo lake, amene anaitanidwa kukayankha za chiganizo cha m'kope.