Chitseko Chanu Chapeza Pakhomo

Ababa, lero akalipentala aika chitseko chanu chija panyumba yomwe ndamanga ku Kaomba, ndipo chakwana bwinobwino.

Ndakumbuka tsiku lomwe tinkasamuka pa esiteti ya fodya ku Njombwa. Munachizula n'kuchisenza pamutu, matenanti anzanu akukusekani. Ine ndi manyazi ndinakufunsani kuti tikuchitengeranji. Munati, "Khomo ndi la abwana, mwana wanga, koma chitsekochi ndinagula ndekha. Tsiku lina chidzatseka pathu." Munatisiya chili chotsamira m'chigafa cha eni ake. Zaka zonsezi ndinkaopa kuti chiswe chichimaliza tisanapeze malo, koma changolawa m'munsi mokha. Mtima wakhala pansi, ababa. Ndatseka, ndatsegula, ndatsekanso, ndipo palibe wobwera kudzatiuza kuti fodya watha, nyamukani.