A Levy Mwenda ndi Zipolopolo Zosiyana Msinkhu

A Levy Mwenda kwawo ndi ku Chipata, koma ntchito ya zipolopolo anaiphunzira ku Lusaka, pakalabu ina ya anthu owombera mfuti ngati masewera. Anayamba ndi tsache. Ankasesa zigoba zamkuwa zomwe zimagwa mfuti ikalira, mpaka mkulu wina pamalopo anawaonetsa kuti chigoba satitaya: amachitsuka, n'kuthiramo wonga, n'kuikapo mutu watsopano. Kalabuyo itatsekedwa, kasitomala wina anawapezera malo pakalabu yangati yomweyo ku Dubai. Ndege ankaiopa kwambiri, koma anakwera, atagwira mpando ndi manja onse awiri.

Amagona ku International City, ndipo basi imawatenga dzuwa lisanakwiye. Chipinda chawo chantchito chili kuseri kwa kalabu, chopanda windo koma chozizira bwino. Mmenemo muli makina a chogwirira chachitali. Ukachitsitsa mpaka pansi, makina amakankhira mutu m'chigoba, ndipo mutuwo uyenera kulowa mofanana nthawi zonse. Ukalowa kwambiri, chipolopolo chimakhala choopsa. Ukatsalira kunja, chimakakamira m'pisitolo.

Kunja kwa ntchito a Levy amadziwika ndi mawu. Ndiwo amatsogolera kwaya ya Azambia ndi Amalawi kutchalitchi, ndipo akazi awo, a Benedicta, omwe amalera ana kunyumba ina ku Al Nahda, amaimba momwemo. Lamlungu ndilo tsiku lomwe banjali limaonana. A Levy amaimba paliponse: m'basi, m'bafa, pamakina pomwe.

Chaka china, Pasaka atayandikira, Victor, bwana wawo wa ku Philippines, analowa ndi thireyi ya zipolopolo zomwe ankati aziyeze asanazipereke kwa owombera.

"Habibi, tabwera uone," anatero Victor.

A Levy anasuzumira. Zina zinali zazitali, zina zazifupi, ngati ana a makalasi osiyana omwe awaika pamzere umodzi.

"Izi si zanga," anatero a Levy.

"Nanga ndani wina amagwira makinawa?"

A Levy anatenga thireyiyo. Zonse anaziphwasula kuti ayambirenso. Anamasula chitsulo chokankhira mitu, nachipukuta phula lomwe linamatirira mkati, nachimanganso zolimba. Anasankha zigoba za mtundu umodzi. Analowa mpaka pansi pa tebulo kukalimbitsa mabawuti. Kenako anapanga zochepa zoyeserera, ali duu, maso patsogolo. Zinatuluka zofanana ndendende. Mtima unakhala pansi, nayambanso ntchito mwachizolowezi. Pofika madzulo thireyi inali itadzazanso ndi zazitali ndi zazifupi.

Zinatero masiku angapo. A Levy anafika posiya kumva kukoma kwa tiyi wa karaki, womwe amaukonda kuposa china chilichonse m'Dubai muno.

Patebulo lina m'chipindamo pamakhala Ishmael wa ku Mangochi, wotsuka mfuti. Unali mwezi wa Ramadani, ndiye masana amakhala wofooka, wosayankhula zambiri, wongoyang'ana. Tsiku lina anaika pansi nsanza yake.

"Achimwene, tayimbaninso nyimbo yothamanga ija."

"Iwe, nili pamavuto, manje ufuna nikuimbile?"

"Ingoyimbani basi. Ntchitoyo musasiye."

A Levy anayamba nyimbo yomwe ankakonzera Pasaka, yachimwemwe, yoomba m'manja. Ishmael anatulutsa foni n'kumajambula. Kenako anapempha ya Lachisanu Loyera, yodekha ija, naijambulanso. Atatha anawapatsa foniyo.

Panyimbo yodekha, mkono unkatsitsa chogwirira mpaka pansi penipeni. Payothamanga, mkono unkabwerera usanafike, kuthamangira kuti usatsalire kumbuyo kwa nyimbo. Phewa linkavina, mwendo nawo ukugunda pansi.

A Levy anaonera kachiwiri, nagwira pakamwa.

"Yaba! Nanga ine kuvutitsa tebulo yosalakwa!"

Ishmael anaseka mpaka anagwira pamimba, n'kumadandaula kuti asamuseketse munthu wa njala. Victor atamva phokoso anabwera, naonera, nayenso anagwera pampando ndi kuseka. Atapuma anati:

"Khalasi, basi zatha. Pamakina palibe kuimba. Ukamatsuka zigoba, imba mpaka denga ligwe."

A Levy anavomera, chifukwa ankadziwa kuti pisitolo siseka ndi munthu. Koma kukhala chete kunawavuta kuposa kuphwasula mathireyi aja. Sabata yoyamba ankaluma mlomo. Pang'ono ndi pang'ono anazolowera kudikira kuti dzanja limve chogwirira chikugunda pansi asanachikweze, ndipo zipolopolo zinayambanso kutuluka za msinkhu umodzi.

Lamlungu, akudikira basi atatuluka m'tchalitchi, anawafotokozera a Benedicta nkhani yonse, akuyembekeza kuti awamvera chisoni. Mayiwo anapempha kuti aone kanemayo, yemwe Ishmael anali atatumizira a Levy. Anaonera mwachifatse, nabweza foni.

"Bambo, ine n'nakuuzani kale kuti nyimbo imeneyi mumaithamangitsa. Ife azimayi timapuma liti?"

"Ni nyimbo ya chisangalalo, amai."

"Chisangalalo chake chomalizira mpweya? Ngakhale makina akana."

Basi isanafike pa siteji yachiwiri, a Benedicta anali atatumiza kale kanemayo m'mafoni a kwaya yonse. Pamaphunziro a kwaya otsatira azimayi anagwirizana kuti nyimboyo ichepetsedwe liwiro, ndipo a Levy anagonja. Pa Pasaka nyimboyo inaimbidwa mofatsirako, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu akumbuyo anamva mawu ake onse.