Tsiku Limene Atsibweni Anaimirira Ngati Mlendo

Atsibweni anga, a Josephat Mwale, anachoka kuno ku Vubwi ali mnyamata kukakwatira kumudzi wina kufupi ndi Mkaika. Anapita chikamwini, monga timachitira Achewa: mwamuna kukakhala kwawo kwa mkazi. Imvi anamerera komweko. Anamanga nyumba ya njerwa, anabzala mango, anakumba chitsime chimene mudzi wonse ukumwa mpaka lero. Malata a tchalitchi cha pamudzipo anakhoma ndi iwo, mlamu wawo a Gabriel ali pansi kuwapatsira misomali. A Gabriel amenewa ndi mlongo wa akazi awo a Ottilia, komanso mkulu wa mpingo. Anthu awiriwa ankadyera mbale imodzi.

A Ottilia atamwalira, patsiku lometa, abale anakhala pansi kuti awasudzule atsibweni, ndiye kuti kuwamasula ku ukwati. Mwambo ndi mwambo, ine sindikukana. Koma mkamwini wokhalitsa, wa ana akuluakulu, amauzidwa kuti khalani pompano, muziyang'anira ana. Atsibweni ankadikira mawu amenewo. Amene anaimirira kuyankhula anali a Gabriel.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu, zikomo kwambiri. Tsopano ndinu omasuka. Njira ya kwanu mukuidziwa."

Asa! Ana a atsibweni anangoweramitsa mitu, osatsokomola nkomwe. Mwezi usanathe a Gabriel anasamukira m'nyumba ija, ati akuisungira ana.

Atsibweni anafika kuno ndi njinga, chikwama ndi khasu. Ine ndine mwana wa mlongo wawo, ndiye ndinawakonzera kachipinda kamene timasungiramo mtedza. Amuna anga anawalozera malo oti amangepo, iwo anakana. "Ndivutikirenji? Ana abwera kudzanditenga." Dzinja linapita, lina linabwera. Chimanga ankalima, koma kubzala mtengo ayi ndithu. Foni ikalira ankasiya khasu n'kuthamangira, kukapeza ndi munthu wofuna mbewu ya mtedza. Ine zinkandiwawa, ndipo sindinkabisa.

"Atsibweni, anthu aja anakutayani ngati chitsononkho. Mukudikira chiyani?"

"Iwe Gertrude, pakamwa pakopo," ankangotero.

Kutchalitchi sankajomba, koma pa Mgonero sankalandira. Abusa atawafunsa, anati sangadye mkate wa Ambuye mtima uli chotupa. Ankati akagwada kuti apemphere, chimene chinkabwera ndi nkhope ya a Gabriel.

Chaka chatha tinamva kwa munthu wogula thonje kuti Filomena, mwana wawo wotsiriza, akumanga ukwati woyera Loweruka. Palibe amene anawauza bambo wake. Iwo anachapa jekete n'kumati mwina foni sinkagwira. Ndinawaperekeza, poopa kuti angakagwe panjira. Tinakwera minibasi mpaka ku Katete, kwinako tinakwera njinga yamoto.

Tinalowa mwambo utayamba kale, tinakhala kumbuyo. Filomena anacheuka, anawaona bambo wake, misozi inalengeza, koma anatembenukiranso kutsogolo. Itakwana nthawi ya zolengeza, a Gabriel anaimirira, tayi ili pakhosi, n'kumwetulira.

"Lero tili ndi alendo ochokera kutali, ku Vubwi. Aimirire kuti mpingo uwaone, tiwalandire."

Mayo ine! Mlendo, pansi pa malata amene anakhoma yekha? Mlendo, paukwati wa mwana amene anabala? Ndinawagwira jekete atsibweni kuti asayerekeze. Iwo anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono n'kuimirira. Achinyamata anaomba m'manja, monga amachitira ndi mlendo aliyense. Akuluakulu amene ankawadziwa anayang'ana pansi. Kumadyerero sitinapite.

Pobwerera ine ndinalalata njira yonse, mpaka kondakitala anafunsa ngati atibera. Titayandikira ku Chipata m'pamene atsibweni anatsegula pakamwa.

"Gertrude, wamva mmene ananditchulira? Sananame ayi. Ine ndi amene ndinkakana kumva. Ndakhala ndikulima nkhope ili kumbuyo, ndiye mizere yanga yonse yakhota. Mlandu wa Gabriel wandilemera. Ndausiya m'manja mwa Ambuye."

"Ndiye mwawakhululukira basi, choncho?"

"Ndayamba," anatero. "Mawa ndidzayambanso."

Ine ndinangoti kaya. Mpaka pano ndikamva dzina la a Gabriel magazi amandiwira, ndipo Filomena uja sanaimbebe foni. Musaganize kuti zinasanduka zokoma. Masiku ena atsibweni amakhala pakhonde maso ali gwa kumsewu, ndipo ndimadziwa kuti kukhululuka kwa tsiku limenelo kukuvuta. Koma Mgonero wotsatira analandira. Mvula itatha anauza amuna anga kuti awalozerenso malo aja.

Tsiku lina tikuumba njerwa, iwo akuponda dothi, ine ndikutunga madzi, ndinawafunsa chimene chinkandivuta. Kale ankanena kuti manda awo adzakhale pambali pa akazi awo, ndipo ndinkaopa kuti tsiku limenelo ndidzakagwadira a Gabriel.

"Atsibweni, nanga Ambuye akadzakuitanani, tidzakunyamuleni kupita kumene kuli a Ottilia?"

Anapukuta thukuta ndi mkono, miyendo ili m'matope.

"Ayi, mwana wanga. Ottilia wagona kwawo, ine mudzandigoneke kwathu kuno. Amene adzatidzutse, midzi yonse iwiri akuidziwa."