Tsiku Lomwe Matenda Anga Anapulumutsa Azakhali

Ndinayamba kugwa khunyu ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndisaname, poyamba ndinadyerera. Kuno ku Dukathole, ku Joni, aliyense ndi dokotala. Madokotala a payadi pathu anagwirizana kuti matendawa amayenda m'malovu, ena nati ngakhale ndikaphwisa, wonunkhiza watenga. Ndiye ine ndikanatani? Kukaphikidwa nkhuku ndinkanyambita ntchafu n'kuibwezera m'mbale mwaulemu, asuweni anga n'kumaiyang'ana ngati maliro. Kuphika pasitovu ya parafini anandiletsa. Kutunga madzi kumpopi anandiletsa. Ndinali mfumukazi ya m'mkhukhu, kanyumba kathu ka malata.

Kenako anesi a kukiliniki anafuna kundigwetsera ufumu. Anauza amayi kuti matendawa sapatsirana, kuti ndikagwa azindigoneka chammbali osandiika kanthu m'kamwa, ndipo kuti ndizimwa mapiritsi tsiku lililonse osadumphitsa.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, amene amakhala khomo loyandikana nafe, anamva nkhaniyi atagwira m'chiuno.

"Alamu, mukufuna mwanayu apusiretu? Mapiritsi amaumitsa mutu amenewo. Msiyireni ife, timupempherera."

Chikhulupiriro chawo chinali chachikulu zedi, moti m'chikwama mwawo munkakhala Baibulo ndi supuni yaikulu yachitsulo, yodikira pakamwa panga.

Mapiritsi ndinamwa sabata imodzi. Ankandigonetsa m'kalasi, ndipo Lachitatu lathunthu linadutsa osapusitsa munthu ngakhale mmodzi. Ndinachita mantha. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinagwirizana ndi azakhali. M'mawa uliwonse amayi asanathamangire takisi ya ku Primrose, komwe amagwira ntchito ya m'nyumba, ankandipatsa piritsi ndi madzi. Ine ndinkalibisa kunsi kwa lilime, iwo akatuluka n'kulilowetsa pampata wa malata. Bambo, amene amalondera ku Jet Park, ankangofunsa kuti, "Akumwa?" Amayi n'kuti, "Akumwa." Malata athu sanagwepo khunyu n'kamodzi komwe.

Nthawi ya holide ndinakonza ntchito yaikulu kuposa zonse. Lachinayi lililonse masana azimayi a mapemphero ankasonkhana kwa azakhali, ndipo mtsogoleri wawo anali mayi wina wa wigi yofiirira. Tsiku lina azakhali akuchapa ndinawajambula mawu akunena kuti, "Wigi ya amayi ajatu ngati mphaka wonyowa ndi mvula. Akamagwedeza mutu popemphera ndimaopa kuti ilira." Ndinapempha foni yawo kuti ndiwakonzere wotchi, n'kuika mawuwo kuti azimveka ndikawaimbira ineyo.

Lachinayi linafika. Amayi anali atawerukako msanga, ali nawo m'gulumo. Ndinakhala pakhomo, foni m'manja, kudikira pomwe onse atseke maso. Mtsogoleri anayamba kugwedeza mutu. Ndinadina. Ndiye ndinamva kafungo kaja ka waya wopserera, komwe kamabwera ndisanagwe.

Nditatsitsimuka ndinali pansi, siketi ili fumbi lokhalokha, m'kamwa mukukoma chitsulo ndi magazi. Supuni inali itapeza ntchito, dzino langa lakutsogolo litabenthuka. Amayi anali atandigoneka chammbali, akundipukuta kumaso ndi nsalu yawo. Madzulo anapeza mulu wa mapiritsi kuseri kwa malata. Sanakalipe. Anawaika pambale, n'kukhala pabedi, n'kumawayang'ana. Bola akanandimenya.

Koma chinandipweteka kwambiri ndinachimva m'mawa mwake kwa msuweni wanga wamkulu, mwana wa azakhali.

"Foni ya amayi inaliratu," anatero, ataima patali kuopa malovu. "Mpaka kawiri, za mphaka zija. Koma ndani akanamva? Theka linathawa litatseka mphuno, theka likukuwa pa iwe. Ndinamva ndekha."

Tamvani zimenezo! Masabata awiri okonzekera, mawu omveka bwino ngati a pawailesi, ndiye matenda anga omwe, amene ndinawateteza kwa anesi, anapita kukaima mbali ya azakhali. Anawapulumutsa, n'kundilipira ndi dzino.

Ndinapempha amayi kuti tibwerere kukiliniki. Amayi atawafotokozera za malata, anesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wabwera, namalata? Tulo tija ukanandiuza, timadziwa chochita. Umwa?"

"Ndimwa."

"Wasintha maganizo chifukwa chiyani?"

"Ndili ndi ntchito yomwe ndinaisiyira panjira."

Amayi anaganiza kuti ndikunena za sukulu, mpaka anandigulira chipisi pobwerera.

Tulo tinandivuta masabata angapo, kenako tinachepa. Panopa ndimameza amayi akuona, n'kutulutsa lilime ngati mbuzi kuti akhutire. Papita miyezi isanu osagwa. Azakhali anaimirira m'gulu kuchitira umboni kuti mapemphero awo agwira ntchito popanda piritsi ndi limodzi lomwe. Amayi anangoyang'ana pansi. Ine ndinaomba m'manja kuposa onse. Za malovu sindinawongole aliyense, ntchafu ikadali yanga.

Pa foni yawo azakhali sadziwa kusintha kalikonse, moti mawu aja adakalimo, ndipo msuweni uja ndinamutseka pakamwa ndi mapiko a nkhuku osanyambita. Lachinayi lapitali ndinameza piritsi langa m'mawa, masana n'kukhala pakhomo pomwe paja. Mtsogoleri anayamba kugwedeza mutu. Ndinadina.

Ndinaona zonse, kuyambira pomwe wigi inasiya kugwedezeka mpaka pomwe azakhali, pofufuza foni m'chikwama, anatulutsa supuni.