Bulangete Lofiira la Aneba

Aneba athu, abambo okonza nsapato aja, amakwera phiri chambuyo. Inde, chambuyo! Nkhope kumudzi, msana kuphiri, ndodo ikufufuza kumbuyo ngati mchira. Alendo odzaona nyumba zakale zamiyala za m'mudzi mwathu amawatsatira kudutsa m'minda mpaka kumtunda, akuseka chogwira nthiti. Aneba amangoti, “Mawondo anga amakonda chonchi.” Bodza lenileni! Maso awo amakhala pa chingwe choyanikira zovala cha akazi awo, amene mtima umawavuta. Anapangana kalekale kuti bulangete lofiira likaoneka pachingwepo, ndiye kuti kunyumba kwavuta.

Tsiku lina tili pakati pa phiri, aneba akutilozera denga la tchalitchi chakale, maso awo anagwera pachingwe paja. Kenaka, “Mayo ine, bulangete!” Ndodo uko, chipewa uko, mkulu uja liwiro kutsetsereka. Nafe tinawathamangira, alendo akuterereka m'matope, mbuzi zikubalalika, wina akufuula kuti kodi ndi njuchi.

Tinawapeza akazi a aneba aja ali pakhonde, manja ali thovu lokhalokha.

“Mwadwala kodi?” anafunsa aneba, ali wefuwefu.

“Ndidwale chiyani ine? Kodi bulangete limeneli silichapidwa?”

Aneba anangokhala pansi pomwepo, akuseka, misozi ili chuchuchu. Amayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukuta manja.

“Komatu bambo, zaka zonsezi ndikakutumani kumsika mumati mawondo, mawondo. Lero ndadzionera ndi maso angawa. Dengu lili apo.”