Tinawauza Kuti Akhale

Mpando uja udakalipo kwathu ku Chiwanga, kuseri kwa nyumba, ndipo masiku ano amaikapo beseni la mbale. Ndi wapulasitiki. Unali wobiriwira, koma dzuwa linaudya mpaka unatuwa ngati usipa wachaka chatha, ndipo mwendo umodzi ndi womanga ndi waya. Alendo akachuluka amautulutsa, wina n'kukhalapo osaganiza kanthu. Ine ndikapita kumudzi ndimakhala pamphasa.

Anautumiza ndi amalume kuchokera ku Lichinga, chaka chija cha korona, mvula itangosiya. Unabwera pamwamba pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, womangirira limodzi ndi matumba a mchere, ndipo wokautenga kumsewu ndinali ine. Ndinausenza pamutu miyendo yake italoza kumwamba, anzanga akunditsatira n'kumandiseka kuti ndakwatiwa ndi mpando. Sindinasamale. Mipando yotere tinkaiona kunyumba zogona alendo za kugombe zokha, ndiye tsiku limenelo ndinkayenda ngati mwana wa bwana.

Mpandowo unali wa agogo, bambo awo a mayi anga. M'nyumba tinalimo atatu: mayi, agogo ndi ine. Agogo aakazi anali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake, ndipo bambo anga anapita kukafuna ntchito kutali ine ndili wamng'ono, nkhani yawo n'kuthera pomwepo.

Agogo sanali munthu wa mpando. Akafuna kupuma ankanyonyomala, kapena kutsamira bwato lovundikira. Ukonde anali atausiya kalekale, maso atayamba kuchita nkhungu, koma miyendo inali idakali yawoyawo. M'mawa uliwonse ankavala nkhwaila zawo zatayala, n'kutenga ndodo imene sankaitsamira n'komwe, yongoopsezera agalu, n'kutsika kugombe. Ankadutsa pamatandala a anthu, kutola usipa, kuununkhiza, n'kulengeza kuti sunaume, pomwe palibe anawafunsa. Ankaima pa osoka maukonde n'kuwauza kuti mfundo zawo n'zaulesi. Anthu ankangoseka, poti anali atazolowera. Koma khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo: ulendo wonsewo unkathera m'mudzi woyandikana nawo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti, pamene pankakhala mnzawo wa bawo.

Mnzawoyo anali Msilamu, ife a Anglikani. Anakulira limodzi, anapalasa bwato limodzi, ndipo atakalamba anatsala ndi ntchito imodzi yokha, yonyozana. Agogo ankawatchula "wakuba uja", ati amabisa nkhomo m'manja mwa malaya. Iwo ankati agogo amapemphera Lamulungu lokha chifukwa Mulungu sangawapirire kasanu patsiku. Ndinkapita nawo nthawi zina Loweruka. Ndimakumbukira kulira kwa nkhomo zikamagwa m'maenje a bawo, fungo la fodya wa agogo, ndi tiyi wa shuga wambiri amene ankatipatsa m'makapu achitsulo otentha mlomo.

Kenako zinthu zinayamba kutsekedwa. Kushikola aphunzitsi anatiuza kuti tipite kwathu mpaka adzatiitane, ndipo ife tinakuwa ndi chimwemwe ngati opusa. Tchalitchi chinatsekedwa, mzikiti nawo. Wailesi inkalankhula kaye m'Chipwitikizi, kenako m'Chinyanja, mawu ake omwewo m'mawa ndi masana: khalani pakhomo, makamaka okalamba akhale. Amalume nawo pafoni sankapuma. "Matendawa akusankha nkhalamba. Ababa akhale, musawalole."

Panapita zaka ndisanazindikire kuti m'Chipwitikizi mawu a kusachoka pamalo ndi ena, mawu a kukhala pansi ndi enanso. Wailesi inkanena oyambawo. Koma ife tili ndi mawu amodzi a zonse. Wosachoka pakhomo wakhala, wopinda mawondo wakhala, ngakhale wamoyo timati akukhala. Mayi anamva atatu onsewo nthawi imodzi: akhale pakhomo, akhale pansi, kuti akhale ndi moyo. Sindikuwaseka mayi anga. Pamudzi ponse tinamva choncho, kungoti ena analibe mpando.

Mayi anaika mpando uja pakhonde, anatenga nkhwaila za agogo n'kuzitsomeka m'denga, pamwamba penipeni. Anajambula mzere pamchenga ndi chala chakuphazi, n'kundiuza kuti ndisaudutse popanda chifukwa, poti ine ndinkapita kukatunga madzi ndipo ndikanatha kubwera nawo matendawo. Ntchito yanga inali yolondera agogo. Shikola kunalibe, anzanga ankatulukira kumpanda ngati anapiye n'kuitanidwanso, choncho tsiku lonse ndinkakhala mbali ino ya mzere, agogo mbali inayo, tikuyang'anana.

Chingwe chenicheni chinali ulemu. Kwathu munthu wamkulu sadzitungira madzi mwana alipo. Agogo akangosuntha, ine ndathamanga kale. Akafuna madzi ndinkagwada, n'kutambasula dzanja mpaka kapu ifike, nkhope nditatembenuzira kumbali. Akafuna moto wa fodya, ndabweretsa. Akayang'ana tsache, mayi alanda. "Khalani, ababa, tilipo ife." Mawu amenewo ndinawamva mpaka ndinayamba kuwanena ndekha, ndi mawu a mayi omwe. Kale ndinkakhala kumbuyo kwawo n'kumawazula imvi, iwo akudandaula kuti ndiwamaliza tsitsi. Zimenezo zinaletsedwa, ndipo ndinazisowa kuposa shikola.

Masiku oyamba agogo anakana. M'mawa wina ndili kumadzi anazemba opanda nsapato, ndipo mayi anakawapeza pamatandala, usipa uli m'manja, akuununkhiza. Ndinafika ndikuthamanga, ndowa nditaisiya panjira. Ndinkayembekeza kuti mayi akalipa. Sanakalipe. Anagwada pamchenga, pamaso pa asodzi onse, n'kuyamba kulira. "Ababa, amama ndaika chaka chathachi. Mukufuna nditsale ndi yani?" Agogo anabweza usipa uja pathandala pang'onopang'ono, anapukuta manja pa malaya, n'kutsogola kubwerera kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanafunenso mlonda.

Mwera unayamba. Mphepo inkabwera yozizira, itanyamula mchenga umene unkalowa m'maso ndi m'chakudya, ndipo nyanja inkachita phokoso tsiku lonse. Agogo ankafunda chitenje cha malemu akazi awo n'kumayang'ana kumpanda. Odutsa ankawapatsa moni ali patali, pakamwa ataphimba ndi nsalu, mawu osamveka bwino. Poyamba agogo ankawafunsa za nyanja, za amene wapha zambiri, za amene bwato lake latayikira. Kenako ankangokweza dzanja. Anayamba kugona masana, mutu utagwera pachifuwa. Chakudya ankangochilawa. Tsiku lina mayi anawapatsa usipa wosauma bwino, wonunkha ndithu, iwo anadya osanena kanthu, ndipo ine mtima unandipweteka osadziwa chifukwa chake.

Mapazi ndiwo ndinkawaona kwambiri, poti ndinkakhala pansi. Kale anali olimba ngati khungwa, ming'alu ili mbali zonse. Tsopano anayamba kusalala ndi kunyezimira, akakolo n'kumira. Tsiku lina mayi kulibe ndinadutsa mzere n'kudina ndi chala, ndipo dzenje linatsala pamenepo nthawi yaitali. Agogo analiyang'ana, anasisita dzanja la mpando, n'kuseka pang'ono. "Pakadafunda padajiwitsa galu, mdzukulu wanga." Ine ndinayang'ana uku ndi uku kufuna galuyo.

Uthenga wa mnzawo unabwera kamodzi. Anabwera nawo mayi wina wogulitsa mandasi, amene ankayenda midzi yonse iwiri. Anaima kumpanda n'kundipatsa kansalu komanga, mkati muli nkhomo zodzaza dzanja. "Akuti masewera aja sanathe, asanamizire korona. Akuwadikira." Mayi anga anazitsuka nkhomozo ndi sopo, n'kuziyanika padzuwa, kenako anawapatsa agogo. Agogo anazisunga m'thumba la malaya, ndipo akaganiza kuti palibe akuwaona ankazigwedeza. Dzuwa likasuntha ndinkasunthanso mpando kutsata mthunzi, iwo atagwira nsanamira ya khonde, ndipo miyendo ya mpandowo inkasiya maenje anayi pamchenga. M'maenje amenewo ankaponyamo nkhomo, imodziimodzi, atawerama, akung'ung'udza za wakuba uja. Kenako ndinkawatolera.

Munthu mmodzi yekha anafunsa funso loyenera. Aphunzitsi anadutsa pa njinga kudzaona ngati tikuwerenga, ndipo ataona agogo anafunsa ngati akuyendako. Mayi anayankha monyadira kuti ayi, akukhala bwinobwino. Aphunzitsi anati ndi bwino azizungulirako nyumba m'mawa ndi madzulo, magazi aziyenda. Mayi anathokoza mwaulemu, manja ali pamodzi. Njinga itapita anati, "Akagwa adzawadzutsa ndi iwowo?" Nthawi imeneyo agogo anali atapunthwa kale popita kuchimbudzi, n'kusupuka bondo, choncho mantha anali awiri tsopano. Lero ndimadziwa kuti kupunthwako kunachokera mumpando momwemo. Kalelo tinaona ngati umboni woti asadzukenso.

Mwera utayamba kuchepa, mchenga utayamba kutentha, mayi wa mandasi uja anabweranso m'mawa, opanda beseni. Mnzawo wa agogo anali atamwalira m'bandakucha. Sikunali kutsokomola ayi, anangogona osadzuka. Ndipo monga mwa mwambo wawo, ankaikidwa tsiku lomwelo, ikangotha swala, pemphero lawo la masana.

Agogo anagwira thumba la malaya mmene munali nkhomo zija. Kenako anati, "Nditsitsireni nkhwaila zanga." Mayi anawayang'ana. Anakwera pa mtondo n'kuzitsomola m'denga. Zinali zouma, zodzaza fumbi la udzu. Ndinagwada kuti ndiwaveke, mzere uja palibe anaukumbukira, koma phazi silinalowe. Ndinakankha, ndinamasula lamba, zinakanika. Ananyamuka opanda nsapato, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona ndodo ija ikugwira ntchito ya ndodo.

Anafika pamatandala oyamba n'kukhala pansi pamchenga, akupuma ngati athamanga. Njinga siyenda mumchenga wa kumeneko, ndipo mabwato onse anali panyanja. Wina anati awabereke, agogo anakana ndi mutu wokha. Pamenepo mayi anandituma kukatenga mpando. Ndinausenza pamutu ngati tsiku lija unabwera, koma palibe anaseka. Tinkayenda pang'ono, ine n'kuutsitsa, iwo n'kukhala, mapazi atawakweza chifukwa mchenga unkawawotcha ngati a khanda. Akapuma tinkanyamukanso. Njira imene ankaiyenda akunyoza anthu, fodya ali kukamwa, tsiku limenelo inali yosatha. Kuitana kwa swala tinakumvera panjira, mtengo wa mango ukuoneka patali. Agogo anaima, anamvetsera mpaka kunatha, n'kupitiriza kuyenda.

Titafika, azibambo anali atabwerako kumanda, akusamba m'manja pa ndowa. Bawo linali litatsamizidwa kumtengo, maenje atayang'ana kutsinde. Ndinatsitsa mpando, ndipo anthu anayamba kunena mwaulemu, uyu ndi uyu, "Khalani, agogo, khalani pampando." Iwo anayankha motsitsa, "Ndakhala kokwanira." Anafuna kunyonyomala pamalo pawo pa masiku onse, koma mawondo sanawamvere, ndipo anagwa chokhala, ndodo n'kugwera uko. Palibe anawadzutsa msanga. Anakoka bawo lija, analigoneka, anatulutsa nkhomo m'thumba n'kuzithira zonse m'dzenje limodzi. Sanalire. Analira ndi mayi.

Pobwerera anatitenga asodzi pabwato, mpando uli pakati ngati mlendo wolemekezeka. Korona sinawagwire agogo. Anakhala nafe mvula zina zingapo, ndipo mpaka lero mayi amati tinawapulumutsa, ine sindiwatsutsa. Shikola inatsegulidwa, tchalitchi chinatsegulidwa, aphunzitsi anatiitana. Agogo okha palibe anawatsegulira, ndipo ngakhale akanatero, miyendo inali itapita kale, komanso kumene inkapita kunalibenso munthu. Nkhwaila zija sizinabisidwenso. Zinangokhala pakhomo mpaka galu anatafuna imodzi.

M'mawa wotsatira maliro aja, mayi wina woyandikana nafe anaima kumpanda kudzapepesa, n'kufunsa ngati agogo akukhala bwino. Ankafunsa mayi anga, koma anayankha ndi agogo eni ake. "Mwandikhazika, koma kukhala sindikukhala." Ine ndinaseka, poti ndinkawaona ndi maso anga ali pampando, chitenje chili paphewa, mapazi otupa ali pamchenga. Ndinathamangira kwa mayi kukawanong'oneza kuti agogo mutu wayamba kusokonekera, akuti sakukhala pomwe akhala. Mayi sanaseke. Anatenga mbale zimene ndinali nditatsuka kale, n'kupita nazo kuseri kwa nyumba kukazitsukanso, ndipo ine ndinakhumudwa tsiku lonse, poganiza kuti sindinatsuke bwino.