Makoswe Atatu a ku Chawama

Ndinanyamuka pa Chawama seveni koloko m'mawa, nditanyamula chitini cha penti choboola pachivundikiro. M'katimo munali makoswe atatu amoyo, mphatso ya mwana wanga Tisa.

Tisa anaphunzira udokotala wa ziweto, koma sachiza agalu. Amayeza ziwalo za makoswe opatsidwa mankhwala atsopano, mankhwalawo asanafike kwa anthu. Pa Khirisimasi pakamwa panandipereka: ndinamutcha dokotala wa makoswe pamaso pa alendo. Kuyambira tsikulo foni yanga sankayankha. Kupepesa ine kumandivuta, ndiye ndinati ndikamuthandize ntchito.

Minibasi ya kutauni inali teni kwacha. Tili pa Kafue Road chitini chinayamba kuti kwachakwacha.

"Ba tata, muli chani umo?" anafunsa mayi amene ndinakhala naye.

"Ni va ku ofesi."

"Va ku ofesi vili na michila?" anakuwa kondakitala, ataona kamchira pabowo. Basi yonse inafa nacho chiseko, mayi uja miyendo m'mwamba.

Kutauni ndinagula vitumbuwa viwiri, china changa, china cha anzanga a m'chitini, nkukwera ina yolowera ku Kaunda Square. Cha m'ma naini ndinali pageti la kuntchito kwa Tisa. Mlonda anasuzumira m'chitini, nadumpha, nathamanga kukaitana Tisa.

Anatuluka atavala khoti loyera, nkhope ili gwa. "Ba Tata, mwabwelela chani?"

"Nakuletela olimba, mwana wanga. Aba sibafa-fa."

Anaseka mpaka kukhala pansi! Atapukuta misozi anati, "Makoswe bathu bamabadwila muno, balibe matenda. Aba chiwindi chikaonongeka, tiziba bwanji ngati ni mankhwala kapena ni vamene banadya ku dzala?"

Chitini chinatsala kwa mlonda. M'kati Tisa anandiika diso pamakina okulitsa zinthu, ndinaona kanyama kachiwindi kopyapyala, kodzaza timabowo.

"Mwaona? Mankhwala a shuga aya aononga chiwindi. Sazafika ku banthu. Nakana ndine."

Ine ndimamwa mapilitsi a shuga m'mawa uliwonse, osafunsa kuti anandilawira ndani. Manyazi anandigwira, komanso chimwemwe chosaneneka. Ndinavula chipewa.

"Pepa, mwanawe." Mawuwo anatuluka okha.

Anandigwira dzanja. "Pa Sondo nibwela kunyumba. Koma balendo banu mubwelele nabo."

Tinakwera minibasi tonse anayi, ine ndikuimba.